Kulanga ndi Kulangiza: Mbiri ya Mphamvu ya Mphunzitsi m'Dziko la Mchinji

Chaka ndi chaka, ophunzira athu akamanyamuka kupita m'midzi kukayesera ntchito ya uphunzitsi, pali funso limodzi limene salephera kutifunsa ife owaphunzitsa. Iwo ati, "Nanga mwana akachita choipa chachikulu, akamenya mnzake mpaka kumtulutsa magazi, akaba, kapena akanditukwana pamaso pa anzake, ndidzatani ine, poti chikwapu munatilanda?" Funso limeneli nlofunika kuliyankha mosamala, pakuti mphunzitsi wolephera pamenepa sachedwa kutaya ulemu wake, ndipo mwana woweruzidwa mokhota kawirikawiri asiya sukulu osabweranso. Pofuna kuyankha, ndaganiza zobwerera m'mbuyo ndi kulondola mbiri ya sukulu m'dziko la Mchinji, dziko la m'malire, kuti tione kumene mphamvu ya mphunzitsi inali kuchokera pa nyengo iliyonse, ndi chimene chinali kuchitika mphamvuyo ikatha.

Mau a Makolo

Tiyambe ndi mau enieniwo. Lero tikamva kuti mwana walangidwa tiganiza msanga za mkwapulo, koma m'kamwa mwa makolo athu mau akuti kulanga anali otambasuka koposa pamenepa. Namkungwi alanga namwali m'tsimba, akulu alanga mnyamata kudambwe, ankhoswe alanga mwamuna ndi mkazi wake polowa m'banja. Monsemo kulanga ndiko kuuza munthu mwambo umene ayenera kusunga, ndipo mau akuti malango ndi kulangiza atuluka pa tsinde lomwelo. Sindinena kuti kale kunalibe zowawa, iai. Kudambwe mkwapulo unalipo, ndipo mnyamata wa Chingoni wolekerera ng'ombe kudya m'munda wa eni ankaumva ndithu. Koma chilango chilichonse chinali ndi mwini wake. Kwa Achewa a kwa Mkanda, kwa Dambe ndi kwa Mavwere, mwini mbumba ndiye mtsibweni, mlongo wake wa mai. Bambo, pokhala mkamwini pamudzi, sakanatha kuweruza yekha mlandu waukulu wa mwana amene anabala. Kwa Angoni a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu mphamvuyo inali kuchimuna.

Mlandu ukakula unkapita kubwalo. Kumeneko nyakwawa ndi nduna zake ankamva mbali zonse ziwiri, mboni zinkalankhula, ndipo dipo la nkhuku kapena mbuzi linkaperekedwa ndi abale a wolakwayo, monga mwambi unena kuti nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Mlendo wongobwera sankaloledwa kutambasulira dzanja mwana wa eni popanda eni akewo kudziwa. Tisunge mfundo imeneyi, chifukwa mphunzitsi woyamba kufika m'midzi imeneyi anali mlendo wotere.

Linga ndi Mishoni

M'mwezi wa Januwale 1898 asilikali a Angerezi anathira nkhondo Angoni a Mpezeni, nawagonjetsa. Nsingu, mwana wa Mpezeni, anaphedwa ndi mfuti, ndipo ng'ombe zambiri zinalandidwa. Malo amene lero titcha Mchinji analandira dzina lakuti Fort Manning, potengera William Manning, mkulu wa asilikali amene pambuyo pake anakhala Bwanamkubwa wa Nyasaland. Nkhondo itangotha amishoni analowa. A mpingo wa Dutch Reformed anamanga pa Magwero, tsidya lina la malire, m'chaka cha 1899, ndipo anzao a ku Mvera ndi ku Nkhoma anatsegula mishoni ya Mchinji mu 1914. Ansembe a White Fathers anafika pa Kachebere mu 1903, namanganso pa Guilleme mu 1935, ndipo seminale yaikulu ya Kachebere inatsegulidwa mu 1939.

Kuchokera pa mishoni zimenezi kunatuluka aphunzitsi a m'midzi. Ambiri anali anyamata odziwa kuwerenga, kulemba, masamu pang'ono ndi katekisma, olandira masheleni owerengeka. Sukulu yao inali kanyumba ka udzu, kamene Lamulungu kankasanduka kachisi. Mphamvu ya mphunzitsi wotere inali yobwereka kuwiri. Mbali ina inachokera kwa mmishonale, amene ankabwera kudzayendera nthawi ndi nthawi, ndipo anali wokhoza kumchotsa ntchito mphunzitsiyo akamva kuti amwa mowa kapena watenga mitala. Mbali ina inachokera kwa nyakwawa, pakuti popanda chilolezo chake sukulu sikanamangidwa pamudzi.

Amishoni ambiri ankakhulupirira ndodo, potsamira pa mau a m'buku la Miyambo, mutu 13, ndipo aphunzitsi ao anatengera zomwezo. Koma amishoniwo anali atalandira kale phunziro lowawa. Ku Blantyre, m'chaka cha 1879, amishoni oyamba anadziyesa oweruza a dziko, nayamba kukwapula anthu oganiziridwa kuba. Munthu wina anafa atakwapulidwa, wina anaomberedwa pa mlandu wakupha. Mlendo wina dzina lake Andrew Chirnside anafalitsa zimenezi ku London mu 1880, ndipo mu 1881 mtsogoleri wa mishoniyo, Duff MacDonald, anachotsedwa pamodzi ndi anzake ena. Okwapulidwawo sanali ana a sukulu, koma mlanduwo unaonetsa poyera kuti munthu wotenga mphamvu yolanga imene sanapatsidwe ndi eni dziko aononga ntchito yake yomwe.

Ku Fort Manning mphunzitsi wokonda mkwapulo ankaona zotsatira zake msanga. Panalibe lamulo lokakamiza mwana kupita kusukulu, tsono wokwapulidwa lero mawa sankaoneka. Malire anali pafupi, ndipo anali malire a pa pepala chabe, odula pakati pa abale a chinenero chimodzi. Mnyamata wokwiya ankangooloka kukakhala kwa achibale, kapena kukagwira ntchito m'minda ya fodya ya Azungu kufupi ndi Fort Jameson, ndipo wokulirapo ankalowera ku Salisbury. Ndiponso, pokhala mipingo iwiri inali kulimbirana midzi, nyakwawa yodandaula ndi mphunzitsi wa mpingo wina inali yokhoza kuitana wa mpingo unzake.

Vuto lalikulu koposa linali la gule. Amishoni a mipingo yonse iwiri ankaletsa ana a sukulu kulowa nyau, pamene akulu a mudzi ankaona kuti mnyamata wosapita kudambwe sanakule. M'zaka za m'ma 1920 mkangano umenewu unakula m'Chigawo cha Pakati, monga Ian Linden ndi Matthew Schoffeleers anafotokozera polemba mbiri yake. Amishoni anapempha Boma kuti liletse gule, koma Boma silinavomere kumletseratu. Kwa mphunzitsi wa m'mudzi zimenezi zinatanthauza kuti chimene iye ankachitcha kusamvera, akulu a mudzi ankachitcha kumvera. Mwana anali pakati pa malango awiri otsutsana, ndipo mkwapulo sukanatha kuthetsa mkangano umene sunayambe ndi mwanayo.

Boma Lilowa m'Sukulu

Gulu la Phelps-Stokes litayendera dziko lino mu 1924, Boma linakhazikitsa nthambi ya maphunziro mu 1926, ndipo lamulo loyamba la maphunziro linatuluka mu 1927. Ku Domasi kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes, kumene aphunzitsi osankhidwa ankapita ndi akazi ao kukaphunzira ntchito yoyendera sukulu za m'midzi. Pambuyo pake mafumu naonso ankaitanidwa kukaphunzira kumeneko. Nzeru ya Jeanes inali yakuti sukulu ndi mudzi zikhale chinthu chimodzi, ndipo nzeru imeneyi inagwirizana ndi lamulo la 1933 limene linapatsa mafumu mphamvu zoweruza ndi kuyendetsa maiko ao.

Chinthu chimene chinakuza mphamvu ya mphunzitsi koposa zonse ndicho setifiketi. Pamene sukulu za sekondale zinatsegulidwa, ya Blantyre mu 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942 ndi ya Boma ku Dedza mu 1951, malo anali ochepa ndipo owafuna anali ambiri. Anthu anaona kuti wopambana mayeso akhala kalaliki, mphunzitsi kapena wothandiza dotolo. Kuyambira pamenepo kuchotsedwa sukulu kunayamba kuopsa koposa ndodo, ndipo makolo omwe aja ankabisa ana ao anayamba kuwaperekeza okha kwa mphunzitsi kuti awakwapule. Tizindikire bwino apa: mkwapulo unali womwe uja wa kale, umene ana ankauthawa. Chinasintha nchakuti sukulu tsopano inali ndi kanthu m'manja kamene mudzi unkakafuna.

Nyengo yomweyo inabala chizolowezi china chimene owerenga magazini ino ayenera kuchikumbukira. M'sukulu zambiri mwana wolankhula chinenero cha mai wake ankalembedwa dzina ndi kulangidwa pamodzi ndi akuba ndi omenya anzao. Mwana wolangidwa chifukwa cha chinthu chimene mtima wake umuuza kuti si choipa aleka kusiyanitsa mlandu waukulu ndi waung'ono, ndipo ayesa chilango chonse ngati mvula, yongogwa pa aliyense.

Ngodya Zinayi

Dziko litalandira ufulu mu 1964, mphamvu ya mphunzitsi inapeza tsinde lachitatu, ndilo chipani cholamula. Dr. Kamuzu Banda anaika ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Apayoniya, amene gulu lao linayamba mu 1963, ankatumizidwa m'sukulu kukaphunzitsa masewero olimbitsa thupi ndi kuguba. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa akazi kuvala zazifupi, ndipo amuna analetsedwa kusunga tsitsi lalitali. Pasukulu mwana wolakwa ankagwada padzuwa, kutchetcha udzu, kukumba dzenje la chimbudzi kapena kuzula chitsa, ndipo kholo silinkayerekeza kufunsa. Mtsikana wotenga pakati ankachotsedwa osabwereranso, ngakhale kuti mnzake wa mlanduwo kawirikawiri ankapitirira ndi maphunziro kapena ndi ntchito yake.

Akulu ambiri lero akumbukira nyengo imeneyo ndi chisangalalo, nati ana anali ndi ulemu. Nzoona kuti m'kalasi munali bata, ndipo nzoonanso kuti panali aphunzitsi ambiri okhulupirika amene ana ankawalemekeza chifukwa cha khalidwe lao. Komabe gawo lalikulu la bata limenelo linali mantha a dziko lonse, amene mphunzitsi anangobwerekako. Umboni wake ngwakuti mantha aja atachoka, bata linachokanso.

Ufulu ndi Chipwirikiti

Pa 14 Juni 1993 anthu anasankha zipani zambiri, mu Disembala chaka chomwecho asilikali analanda zida Apayoniya, ndipo pa 17 Meyi 1994 boma linasintha. Chaka chimenecho sukulu za pulaimale zinakhala zaulere, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Boma linalemba aphunzitsi atsopano pafupifupi 20,000, ambiri a iwo atangophunzitsidwa milungu yowerengeka. Mphunzitsi mmodzi anapezeka ali ndi ana oposa 100 pansi pa mtengo, ena mwa iwo anyamata a ndevu obwerera kusukulu atasiya kalekale. M'sukulu za sekondale kuswa magalasi ndi kunyanyala kunachuluka kotero kuti mu 1996 akatswiri a ku Chancellor College anachita kafukufuku wa mwambo m'sukuluzo. Ana ambiri anamva mau akuti ufulu ngati chilolezo chochita chilichonse, ndipo aphunzitsi ambiri anapinda manja, nati poti mwatiletsa kukwapula, alereni nokha.

Koma malamulo atsopanowo sanachotse mphamvu ya mphunzitsi. Anaiikira malire ndi njira. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko liletsa chilango chonyazitsa munthu, liletsanso kukwapula pa mlandu uliwonse wokambidwa pamaso pa nthambi ya Boma, ndipo Unduna wa Maphunziro uletsa aphunzitsi ake kumenya ana. Gawo 43 linena kuti munthu aweruzidwe mwa njira yachilungamo, ndi kuuzidwa zifukwa zake polemba. Kuyambira 1993 mtsikana wobereka aloledwa kubwerera kusukulu. Lamulo la maphunziro la 2013, limene linalowa m'malo mwa lija la 1962, linena kuti maphunziro a pulaimale ngokakamiza, kotero kuthamangitsa mwana tsopano si chinthu chochita ndi mkwiyo wa tsiku limodzi. Mu 2023 bwalo lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana a Chirasta asakanizidwe sukulu za Boma chifukwa cha tsitsi lao. Anansi athu a ku Zambia anayenda njira yomweyi: anachotsa chikwapu m'malamulo a sukulu mu 2003, nachiletseratu m'lamulo la maphunziro la 2011. Chotero mwana wa ku Mchinji ndi msuweni wake wa ku Chipata onse awiri aphunzira m'maiko amene analeka kudalira ndodo.

Mlandu Umodzi

Ndifotokozeko mlandu umene ndinauona ndi maso pamene ndinapita kukayendera wophunzira wathu wina wamkazi pa sukulu ina ya kufupi ndi malire. Mnyamata wa Sitandade 7, wamkulu msinkhu kuposa anzake onse, anachedwa masiku atatu otsatana. Mphunzitsi wathuyo anampatsa tsache kuti asese pamaso pa ana aang'ono, namutcha kamwana kaulesi. Mnyamatayo anataya tsachelo, namkankha mphunzitsi mpaka kugwera pa desiki. Mlandu unali waukulu ndithu, ndipo mphunzitsi wamkulu anafuna kumthamangitsa tsiku lomwelo. Koma mphunzitsi wina wachikulire anapempha kuti ayambe aitana eni mwana.

Bambo wake atafika anangoti, "Aphunzitsi, ine pano ndine mkamwini; ana awa ali ndi eni ake." Mawa lake kunabwera atsibweni ake pamodzi ndi anyakwawa ndi wapampando wa komiti ya sukulu. Mphunzitsi anafotokoza, ana awiri anachitira umboni, ndipo mnyamatayo anapatsidwa mpata wolankhula. Kunapezeka kuti mbandakucha uliwonse ankanyamula katundu wa eni pa njinga kupita kumalire kuti apeze ndalama za chakudya cha pakhomo, ndiponso kuti anali atalowa kale kudambwe, kotero kutchedwa kamwana pamaso pa tiana kunamlasa mtima. Atsibweni aja sanamuikire kumbuyo. Anati, "Amai aphunzitsi, mwana wa mlongo wangayu walakwa, ndipo manyazi ake agwera ine. Kumene tinamlangako sitinamuuze kuti azikankha amai ake." Anagamula kuti apepese pamaso pa sukulu yonse, akhale kunyumba masiku ochepa, ndipo akabwera akonze mpanda wa dimba la sukulu ataweruka. Zonse zinalembedwa m'buku, ndipo atsibweni analonjeza kusenza okha nkhani ya chakudya. Wophunzira wathuyo ndinamlangiza padera za lilime lake. Pamene ndinapitanso teremu yotsatira ndinampeza mnyamatayo ali m'kalasi.

Sindinena kuti milandu yonse itha chotere. Alipo ana obwera ndi mpeni kapena chamba, alipo ogwirira anzao, ndipo milandu yotere iyenera kufika kwa mlangizi wa maphunziro, kwa akulu a maphunziro paboma, ngakhale kupolisi, monga lamulo losamalira ana la 2010 lilongosolera. Mphunzitsi wobisa mlandu wotere pofuna kusunga mbiri ya sukulu apereka ana ena m'kamwa mwa fisi.

Zimene Mbiri Itiphunzitsa

Tsono tiyankhe funso lija. Taona kuti mphunzitsi wa ku Mchinji anabwereka mphamvu kwa mmishonale, kenaka kwa setifiketi, kenaka kwa chipani, ndipo ziwiri mwa zitatuzi zinapita ndi nyengo yake. Ngakhale setifiketi siopsanso monga kale, poti ambiri ali nayo koma ntchito alibe. Chimene chinakhalapo kuyambira pa nyakwawa yoyamba yolola sukulu ya udzu kufikira lero ndicho chivomerezo cha eni ana. Mphunzitsi amene eni mudzi amdziwa kuti afika m'nthawi yake, aphunzitsa ndi mtima wonse, saledzera pa ntchito, ndipo sayang'ana ana aakazi a eni ndi diso loipa, ameneyo akaitana mtsibweni, mtsibweni abwera. Wopanda zimenezi, ngakhale tikanambwezera chikwapu, sichikanamthandiza.

Kwa inu amene mukupita kukayamba ntchito ndinena izi. Mukafika pamalo, yambani mwakaonekera kwa anyakwawa, ndipo dziwani ngati mudziwo ngwa chikamwini kapena wa malobola, kuti tsiku la mlandu mudzaitane munthu woyenera. Mwana akachita choipa chachikulu, choyamba tetezani wolakwiridwa ndi kupatula wolakwayo. Musaweruze mtima uli m'mwamba, ndipo musaweruze nokha mlandu umene wolakwiridwa ndinu. Upititseni kwa mphunzitsi wamkulu, mboni zimveke, mwanayo alankhule, eni ake akhalepo, ndipo zonse zilembedwe ndi tsiku lake. Chilango chilingane ndi mlandu, chikonze chimene chaonongeka, chisamchotse mwana m'kalasi nthawi ya maphunziro popanda chifukwa chachikulu, ndipo chisakhale chomchititsa manyazi chabe. Kumchotseratu mwana pasukulu si mphamvu ya mphunzitsi mmodzi, ndipo kuchitike pokhapokha njira zina zonse zitalephera.

Owerenga aona okha kuti njira imeneyi, imene ena aiyesa yachilendo yobwera ndi malamulo a 1994, ifanana kwambiri ndi bwalo la makolo athu, kumene mutu umodzi sunkasenza denga. Chimene chatsala kwa ife aphunzitsi ndicho kubwezera mau akuti kulanga tanthauzo lake lonse, kuti mwana wochoka m'manja mwathu adziwe chimene analakwa, chifukwa chake nchoipa, ndi njira yobwerera pakati pa anzake. Wakutsina khutu ndi mnansi, anatero akale. Ndipo mphunzitsi ayenera kuyamba wakhala mnansi pamudzi asanayembekeze kuti mau ake adzamveka.